Zithunzi za Anthu Wamba

Pali mitundu iwiri ya zithunzi zojambula ndi kamera. Mtundu woyamba ndi uja wa munthu wobvala zobvala zake zokongola, woima ciriri kudikira wojambula. Mtundu waciwiri uonetsa anthu ali pa nchito zao za masiku onse, osadzikonza konse. Zithunzi zotere zikhala mboni ya makhalidwe a anthu pamene zaka zapita.

Ku Mangalande kunali wojambula wina dzina lake Roger Mayne. Kuyambira caka ca 1956 kufikira 1961 iye anali kupita kawirikawiri ku mseu wa anthu osauka wochedwa Southam Street, mu mzinda wa London. Kumeneko anajambula anyamata alikucita mpira pakati pa mseu, atsikana alikusewera, amai alikuceza pa makomo, ndi amuna ocokera ku West Indies amene anadza kudzafuna nchito. Caka ca 1969 nyumba zambiri za mu mseu uja zinagwetsedwa, ndipo eni ake anabalalika. Koma zithunzi za Mayne zinatsala, ndipo zina zisungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Victoria and Albert Museum. Amene afuna kudziwa umo anthu aja anali kukhalira, aziona m'menemo.

Mudzi wa Kafue nawonso wasintha kwambiri. Ulalo wa njanji wooloka mtsinje wa Kafue unatha kumangidwa mu 1906, ndipo mudzi unakula pafupi ndi siteshoni. Masiku amenewo makamera ambiri anali m'manja mwa Azungu, amene anali kukonda kujambula sitima, maulalo ndi nyama za m'chire. Mu 1970 fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals inayamba nchito, anthu ambiri nabwera kudzakhala m'nyumba zatsopano.

Lero kamera ipezeka ngakhale m'foni ya m'manja. Msodzi wokoka bwato lake, mai wogulitsa nsomba pa msika, ana opita ku sukulu m'mamawa, onsewa ayenera kujambulidwa monga momwe mafumu ajambulidwira. Koma wojambula waulemu ayamba wapempha cilolezo, ndipo alemba tsiku, malo ndi maina. Akapanda kutero, adzukulu adzaona nkhope cabe, osadziwa kuti ndi za yani.