Imfa, Maliro ndi Chisoni m'Zolemba za Chichewa

Mfundo ya imfa imapezeka pafupifupi m'gawo lililonse la zolemba za Chichewa: m'ndakatulo, m'nkhani zazifupi, m'nthano zazitali ngakhalenso m'zisudzo. Buku la Nthondo, lomwe adalemba Samuel Josia Ntara ndipo lidatuluka m'chaka cha 1933, limatsata moyo wa munthu kuyambira kubadwa kufikira imfa yake. Naye A. J. Makumbi adalemba buku lapadera lofotokoza za maliro ndi miyambo ya Achewa. Choncho wophunzira wa Folomu 4 asadabwe akapeza funso lokhudza maliro pa mayeso a MSCE. Ambiri amalephera funso lotere chifukwa amangolemba kuti "nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni" n'kulekera pomwepo. Woyesa amafuna zoposa pamenepa. Amafuna muonetse chomwe chabweretsa chisonicho, momwe ampangankhani akuchisenzera, ndi phunziro lomwe mlembi akupereka. Kuti mutero, muyenera kudziwa mwambo weniweni wa maliro ndi chiyankhulo chake.

1. Chiyankhulo cha pamaliro

Mwachikhalidwe chathu, imfa sitiitchula mwachindunji pamaso pa ofedwa. Munthu wamkulu sanena kuti "uje wafa". Amazambaitsa mawu kuti uthenga usalase mtima ngati mkondo. Nazi zining'a zina zomwe muyenera kuzizindikira:

(a) Watisiya, wagona, wapuma: wamwalira.
(b) Watsikira kulichete: wamwalira ndipo waikidwa m'manda.
(c) Watsamira mkono: wamwalira.
(d) Kwagwa zovuta: kwachitika maliro.
(e) Kuperekeza mnzathu: kupita kumanda kukaika maliro.

Palinso mayina oyenera kuwasiyanitsa bwino. Malemu ndi munthu amene wamwalira. Anamfedwa ndi abale amene aferedwa. Adzukulu, pa nkhani ya maliro, si ana a ana anu ayi, koma anthu amene amakumba manda ndi kusamala mtembo. Siwa ndi nyumba imene anthu amagona polira maliro. Chipepeso ndi ndalama, ufa, nkhuni kapena chilichonse chomwe anthu amapereka pothandiza ofedwa. Wophunzira akasokoneza adzukulu a pamaliro ndi adzukulu a agogo, yankho lake lonse limapotoka.

Mukapeza chining'a chotere m'ndakatulo, musangopereka tanthauzo lake lokha. Fotokozaninso chifukwa chomwe mlakatuli wachisankhira. Mwachitsanzo, mawu oti "wagona" amapereka chiyembekezo, paja wogona amadzuka. Mawu oti "watisiya" akuloza kwa otsala, amene akumva kusungulumwa.

2. Mwambo wa maliro ngati njira yothetsera chisoni

Makolo athu adadziwa kuti chisoni ndi katundu wolemera amene munthu mmodzi sangathe kumusenza. N'chifukwa chake adati "maliro n'kulirana". Mwambo wonse wa maliro udakonzedwa kuti wofedwa asakhale yekha, komanso kuti chisoni chake chikhale ndi poyambira ndi pothera. Tiyeni tione ndondomeko yake monga imachitikira m'midzi yambiri ya Achewa, pokumbukira kuti madera amasiyana pang'ono.

Poyamba, munthu akamwalira, eni mbumba amakadziwitsa amfumu. Amfumu ndiwo amalola kuti uthenga ufalitsidwe ndiponso kuti manda akumbidwe. Pamsewu woyandikira amaikapo masamba aawisi kuti odutsa adziwe zoti pali zovuta. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula.

Kachiwiri, anthu amasonkhana pasiwa. Amayi amakhala m'nyumba pamodzi ndi anamfedwa, abambo amakhala panja mozungulira moto. Usiku wonse pamakhala nyimbo. Ofedwa saphika, satunga madzi, sawaza nkhuni. Ntchito zonsezi amagwira ndi anansi. Apa mpamene pamaonekera mwambi uja wakuti "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe". Munthu wosapita m'maliro a anzake amadzaona yekha tsiku lake likafika.

Kachitatu, pa tsiku loika maliro pamakhala zoyankhula. Woimira banja amafotokoza za matenda ndi mbiri ya malemu, amfumu amathokoza anthu, kenaka a mpingo kapena eni mwambo amatenga gawo lawo. Pa maliro a mfumu kapena a munthu wolowa ku Gule Wamkulu pamatuluka zilombo, kuphatikizapo Kasiyamaliro, amene ntchito yake ndi kuperekeza womwalira kwa mizimu ya makolo. Gule ameneyu adazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Kachinayi, maliro akaikidwa pamakhala kusesa ndi kumeta. Tsitsi likametedwa limameranso. Choncho kumeta ndi chizindikiro chakuti moyo wa otsala uyenera kuyambiranso. Pakapita miyezi ingapo, kawirikawiri anthu atakolola, pamachitika mwambo wa bona, womwe ena amati mpalo. Pamenepa amafulula mowa, anthu amadya ndi kuvina, ndipo kulira kumatsekedwa. Akhristu ambiri masiku ano amawaka chiliza m'malo mwa bona, pomwe Asilamu amachita sadaka, monga ya pa tsiku la 40.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: mwambo umapatsa munthu nthawi yolira, komanso umamuuza nthawi yopukuta misozi. Mlembi akaonetsa mpangankhani amene sadalire maliro a kholo lake, kapena amene akulirabe patapita zaka zambiri, ndiye kuti akukuuzani kuti mumtima mwa munthuyo muli bala losapola. Izi zimachitikadi m'moyo. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa Malichi 2023, anthu oposa 1,000 adamwalira m'chigawo cha kummwera, ndipo matupi a ena sadapezeke. Mabanja otere adasowa manda oti akalirepo, n'chifukwa chake chisoni chawo chimavuta kutha.

3. Nyimbo ndi ndakatulo zolira

Nyimbo za maliro zili m'gulu la zolemba za pakamwa. Ntchito zake ndi izi: kutulutsa chisoni, kutonthoza ofedwa, kuyamikira ntchito za malemu, kukumbutsa amoyo kuti nawonso adzapita, ndipo nthawi zina kudzudzula amene sadasamale wodwala. Mayi akamalira maliro sangofuula chabe. Amatchula dzina la malemu, amamufunsa mafunso, amadandaula za ana otsala. Alakatuli adatengera luso lomweli. Taonani mizere iyi yomwe takonza kuti tiphunzirirepo:

Mwanyamuka mbandakucha, amayi,
Moto wa pamafuwa usanazime.
Nanga mumtondomu asinje ndani?
Imfa iwe, wazula mzati wa nyumba,
Tatsala ngati anapiye pamvula.

Woyankhula m'mizereyi ndi mwana amene mayi ake amwalira. Umboni wake ndi mawu oti "amayi" komanso "anapiye". Mu mzere woyamba muli chining'a: "mwanyamuka" akutanthauza kumwalira. Mzere wachiwiri ukusonyeza kuti imfayo yadza mwadzidzidzi, ntchito za mayiyo zisanathe. Mzere wachitatu ndi funso la chodziwadziwa, losafuna yankho, longoonetsa kusowa mtengo wogwira. Mu mzere wachinayi muli umunthu, chifukwa imfa akuiyankhula ngati munthu wa manja ozulira. Momwemonso mayi akuyerekezedwa ndi mzati, kusonyeza kuti ndiye adagwiriziza banja. Mzere womaliza uli ndi chifanifani, ndipo tachizindikira ndi mawu oti "ngati".

Mwaona kuti pa nsinjiro iliyonse tatchula dzina lake, tapereka umboni, kenaka tafotokoza ntchito yake. Ndondomeko ndi imeneyi. Kungondandalika mayina a nsinjiro popanda umboni sikupatsa malikisi okwanira.

4. Kukonzekera imfa

M'nkhani zambiri mumapezeka nkhalamba kapena wodwala amene akuitana ana ndi abale ake kuti awasiyire mawu. Gawo lotere musalidumphe, chifukwa kawirikawiri ndi pamene pagona phunziro la nkhani yonse. Munthu wokonzekera imfa amachita zinthu zinayi. Amayanjana ndi amene adakangana nawo. Amaulula ngongole zake ndi za amene adamukongola. Amagawa katundu ndi kutchula woyang'anira ana. Pomaliza amapereka malangizo. Kale mawu oterewa ankaopedwa kwambiri, poti anthu ankakhulupirira kuti kuwaphwanya n'kuputa mizimu. Paja amati "mawu a akuluakulu akoma akagonera". Mlembi amatha kugwiritsa ntchito mawu a womwalira ngati kalozera wa zomwe zidzachitike kutsogolo kwa nkhani.

Koma mawu a pakamwa amatha kukanidwa kapena kupotozedwa. Apa mpamene pamabadwira mfundo ya kulanda chuma cha amasiye, yomwe alembi ambiri amaidzudzula. Bambo akangoikidwa m'manda, abale ena amathamangira malata, njinga, ziweto ndi munda, mayi ndi ana n'kutsala manja ali m'khosi. Dziwani kuti m'chaka cha 2011 dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo la 1967. Lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Limalolanso munthu wamkulu, woganiza bwino, kulemba wilo, yomwe amasayina pamaso pa mboni ziwiri. Anthu ena amaopa kulemba wilo poganiza kuti n'kudziitanira imfa. Mlembi akaonetsa mpangankhani wa maganizo otere, onani zomwe zikuchitikira ana ake pambuyo pake, poti phunziro lili pamenepo. "Pakadafunda padajiwitsa galu."

Alembi amaunikanso miyambo ina yokhudza amasiye, monga chokolo ndi kulowa kufa. Matenda a Edzi atapezeka m'Malawi m'chaka cha 1985, miyambo yotereyi idayamba kutsutsidwa kwambiri chifukwa imatha kufalitsa kachilombo komanso imapondereza amayi. Nkhani zambiri zolembedwa m'zaka zotsatira zimaonetsa agogo akulera ana amasiye ndiponso ana akudwazika makolo awo. Koma kumbukirani kuti kuyambira 2004 boma lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV mwaulere, ndipo lero munthu wa kachilombo amakhala ndi moyo wautali akamamwa mankhwala mwandondomeko. Poyankha funso, siyanitsani nthawi ya m'nkhani ndi nthawi yathu ino.

5. Momwe ampangankhani amasenzera chisoni

Anthu salira mofanana. Pofotokoza khalidwe la mpangankhani woferedwa, yang'anani zinthu izi:

(a) Kukana: amaikabe mbale ya malemu pamphasa, kapena amayembekeza kuti abwera.
(b) Mkwiyo: amaloza chala wachibale kuti ndi mfiti, kapena amakwiyira achipatala ngakhale Mulungu amene. Nkhani zambiri za ufiti zimayambira apa, ndipo ozunzika amakhala nkhalamba zosalakwa.
(c) Kudziimba mlandu: amati akadafulumira kupita naye kuchipatala, bwenzi ali moyo.
(d) Kutaya mtima: amasiya sukulu, amalowerera mowa, amadzipatula.
(e) Kuvomereza: amazindikira kuti "madzi akatayika saoleka", n'kuyamba kusamala otsala.

Sikuti munthu aliyense amadutsa monsemu kapena motsatana chonchi. Chomwe woyesa amafuna ndi chakuti muonetse pomwe mpangankhani adayambira, pomwe wathera, ndi amene adamuthandiza kusintha. Nthawi zambiri wothandizayo amakhala malume, agogo, mnzake, mphunzitsi kapena wa mpingo. Apa mutha kutseka mfundo yanu ndi mwambi woti "kalikokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu".

6. Kayankhidwe ka funso

Tiyerekeze funso likuti: "Fotokozani njira zinayi zomwe mlembi waonetsera kuti imfa imasokoneza banja." Yambani ndi chiyambi chachifupi chotchula buku, mlembi ndi amene wamwalira. Kenaka lembani ndime zinayi, mfundo imodzi pa ndime iliyonse. M'ndime iliyonse tchulani mfundo, perekani chitsanzo cha m'buku potchula dzina la mpangankhani ndi zomwe adachita, kenaka fotokozani zotsatira zake. Tsekani ndi phunziro. Musafotokoze nkhani yonse kuyambira pachiyambi, ndipo musalowetse za maliro a m'mudzi mwanu ngati funso silikufuna zimenezo.

Mawu amodzi kwa inu amene mutuwu wakukhudzani. Ena mwa inu mukukonzekera mayeso muli ndi bala la imfa ya kholo kapena mbale. Kulira si kufooka, ngakhale kwa mnyamata. Ngati chisoni chikukulepheretsani kudya, kugona kapena kuwerenga kwa nthawi yaitali, uzani mphunzitsi, wachibale wamkulu, mtsogoleri wa chipembedzo kapena azaumoyo. Musachisenze nokha.

Ntchito

1. Perekani matanthauzo a mawu awa: siwa, adzukulu, chipepeso, bona.
2. Fotokozani ntchito zitatu za nyimbo za maliro.
3. Kodi mwambi woti "maliro n'kulirana" ukutiphunzitsa chiyani?
4. Sankhani mpangankhani mmodzi woferedwa m'buku lomwe mukuwerenga. Fotokozani momwe imfayo idasinthira khalidwe lake.
5. Kambiranani m'magulu: kodi kusiya mawu a pakamwa n'kokwanira masiku ano, kapena munthu ayenera kulemba wilo? Perekani zifukwa.