Zojambula za inki za Reginald Marsh

Reginald Marsh anali katswiri wa zojambulajambula wa ku America. Anabadwira ku Paris pa 14 Malichi 1898 ndipo anamwalira ku Dorset, Vermont, pa 3 Julayi 1954. Amadziwika ndi zojambula za moyo wa anthu wamba a mumzinda wa New York, makamaka za ku Coney Island, malo achisangalalo a m'mphepete mwa nyanja.

Chiyambi

Atamaliza maphunziro pa yunivesite ya Yale mu 1920, Marsh anagwira ntchito yojambula pa nyuzipepala ya Daily News ndi magazini ya The New Yorker. Ntchitoyi inamuzoloweza kujambula mofulumira zimene ankaona mumsewu.

Zionetsero za ku Coney Island

M'nthawi imeneyo, pambali pa masewero a circus pankakhala tizionetsero tina tolipiritsa. M'menemo munkakhala omeza malupanga, odzilemba mphini thupi lonse, komanso anthu olumala amene ankaonetsedwa ngati zodabwitsa. Pakhomo ankapachika nsalu zikuluzikulu zokopa anthu, zodzaza ndi zokokomeza.

Chitsanzo ndi chithunzi chopenta cha Marsh cha mu 1932 chotchedwa Pip and Flip. Mayinawa anali a pasiteji a Elvira ndi Jenny Lee Snow, apachibale amene anabadwa ndi mitu yaing'ono kwambiri. Ankalengezedwa ngati ochokera kudziko lakutali, chonsecho kwawo kunali ku Georgia, mu America momwemo.

Ntchito za inki

M'zaka za m'ma 1940, Marsh ankagwiritsa ntchito kwambiri inki ya ku China. Ankaisungunula ndi madzi kuti apeze mithunzi yotuwa, kenako n'kuwonjezera mizere yakuda yopindikapindika. Njirayi inkachititsa kuti khamu la anthu lioneke ngati likuyenda. Matupi ankawajambula mwaluso chifukwa anaphunzira mozama kapangidwe ka thupi la munthu, ndipo mu 1945 anatulutsa buku lotchedwa Anatomy for Artists.

Kufunika kwake

Marsh ankakonda kujambula pakhomo pa chionetsero, pamene pankakumana nsalu zotsatsa, woitanira anthu ndi oonerera. Motero oonererawo nawonso amasanduka choonetsedwa. Zionetsero zotere zinazilala pamene anthu ambiri anayamba kuona kuti kuonetsa munthu chifukwa cha kulumala kwake n'kumuchotsera ulemu. Zojambulazi zatsala ngati umboni wa mmene malondawo ankachitikira komanso wa anthu amene ankalipira kuti aone.