KULUMIKIZA MBAULA YA GASI POPANDA NGOZI

Makala akwera mtengo. Nkhuni zikusowa, ndipo magetsi amazima nthawi zina nsima ili pamoto. Chifukwa cha ichi mabanja ambiri m'matauni ayamba kuphikira gasi. Gasi amaphika msanga, alibe utsi, ndiponso sadetsa mapoto. Koma gasi ndi moto ndithu. Munthu akalumikiza mbaula mosasamala angathe kutentha nyumba, ngakhale kutaya moyo kumene. Tiyeni tiphunzire kalumikizidwe kabwino.

Kodi m'silinda muli chiani?

Gasi wophikira ali ndi mitundu iwiri. Wina dzina lake ndi propane, wina ndi butane. Kawirikawiri amawasakaniza m'silinda imodzi. Mukagwedeza silinda mumamva ngati muli madzi. Si madzi ai. Ndi gasi amene anamupanikiza kwambiri mpaka anasanduka wamadzimadzi. Mukatsegula silinda amasandukanso mpweya. Lita imodzi ya propane wamadzimadzi imapereka malita pafupifupi 270 a mpweya. Tsono mwaona kuti kasilinda kakang'ono kangathe kudzaza nyumba yonse ndi gasi.

Pali zinthu zitatu zofunika kuzidziwa.

Choyamba, gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Akathawa sakwera kudenga monga utsi. Amatsika pansi, nakhala m'makona, kunsi kwa kabati ndi m'maenje.

Chachiwiri, gasi payekha alibe fungo. Fungo loipa lija amachita kuthiramo dala kuti mphuno zathu zitichenjeze. M'chaka cha 1937 sukulu ina ku New London, m'chigawo cha Texas ku America, inaphulika chifukwa cha gasi wa m'mapaipi amene analibe fungo. Munafa anthu pafupifupi 300, ambiri a iwo ana asukulu. Ngozi imeneyo itachitika, boma la Texas linalamula kuti gasi azithiridwa fungo.

Chachitatu, silinda sadzaza mpaka kukamwa. Amathira magawo 80 pa magawo 100 alionse. Malo otsalawo ndi oti gasi apeze pofufumira kukatentha. Nchifukwa chake silinda iyenera kuima chilili nthawi zonse, pophika ngakhale poinyamula. Mukaigoneka, gasi wamadzimadzi amalowa m'paipi, ndipo moto umalilima koopsa.

Zipangizo zofunika

Silinda. Igulidwe kwa wogulitsa amene ali ndi chilolezo. Kuno ku Malawi zilolezo zogulitsira gasi zimaperekedwa ndi bungwe la MERA. Silinda yadzimbiri kwambiri kapena yophwanyika musailandire.

Regulator. Aka ndi kachitsulo kozungulira kamene kamamangidwa pakamwa pa silinda. Gasi amatuluka m'silinda ndi mphamvu yaikulu zedi. Regulator imachepetsa mphamvuyo kuti ifike pa muyeso umene mbaula ikufuna. Muyesowo umalembedwa pamwamba pake. Pa zina pamalembedwa 28 mbar kapena 2.8 kPa, pa zina 37 mbar. Werengani nambala imeneyo, ndipo muiyerekeze ndi imene yalembedwa kumbuyo kwa mbaula yanu. Zigwirizane.

Paipi ya gasi. Iyi ndi paipi yofewa, yopangidwira gasi basi. Ambiri amaidziwa ndi mtundu wake wa olenji, koma ziliponso zakuda. Paipi yothirira madzi kudimba siyenera ai, pakuti gasi amaiononga. Isatalike kupitirira mamita 2.

Makilipi awiri. Awa ndi timikombero tachitsulo tomangira paipi mbali zonse ziwiri. Waya, chingwe kapena mphira wa njinga sizigwira bwino.

Mufunikanso sikuludiraiva, kapu ya madzi ndi sopo.

Kodi mbaula yanu ndi ya gasi uti?

Apa pamalakwa anthu ambiri. Mbaula zina zimachokera kunja, mwina wachibale watumiza kuchokera ku Britain. Kumeneko nyumba zambiri zimalandira gasi wa mtundu wina, wodzera m'mapaipi a pansi pa nthaka. Gasi ameneyo amafika ndi mphamvu yochepa, choncho timabowo totulutsira gasi pa mbaula zake timakhala tokulirapo. Amisiri timabowo timeneti amatitcha majeti. Mukalumikiza mbaula yotere ku silinda, gasi amatuluka wochuluka. Moto umakhala wautali, wachikasu, wodetsa mapoto ndi mwaye. Majeti ayenera kusinthidwa poyamba, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wodziwa za gasi.

Chimodzimodzinso mbaula yomangirira patebulo la m'khichini, imene gasi wake amadzera m'mapaipi achitsulo oboola khoma. Imeneyo musaiyambe nokha. Itanani mmisiri. Safunsa anadya phula.

Kalumikizidwe kake

1. Zimitsani moto uliwonse pafupi: makala, kandulo, koloboyi, ngakhale fodya. Tsegulani mazenera ndi chitseko. Ana apite kunja.

2. Ikani mbaula pamalo olimba, osapendekeka, kutali ndi makatani. Silinda iime pansi, pambali. Isakhale pamene kutentha kwa mbaula kungaifikire.

3. Onetsetsani kuti silinda ndi yotseka, ndiponso zotsegulira zonse za mbaula ndi zotseka.

4. Lowetsani kilipi m'paipi. Kenaka kankhirani paipi pa kamlomo ka regulator mpaka ifike kumapeto. Ikalimba, viikani nsonga yake m'madzi ofunda kuti ifewe. Musaiwambe pamoto, musaipake mafuta. Mangani kilipi ndi sikuludiraiva, koma osati mpaka kucheka paipi.

5. Chitani chimodzimodzi ku mbali ya mbaula.

6. Yang'anani kamphira kozungulira kamene kamatseka pamene regulator imakumana ndi silinda. Kakang'ambika kapena kakasowa, lekani. Gulani kena poyamba. Kamphira kameneka ndi kotsika mtengo, koma ndi kamene kamatsekera gasi.

7. Mangani regulator pa silinda. Chenjerani: pa masilinda ambiri akuluakulu mazinga ake ndi amanzere. Ndiye kuti pomanga mumapotozera kumanzere, kusiyana ndi chivindikiro cha botolo. Ikakana kulowa musaikakamize. Masilinda ena ali ndi regulator yongodinikiza, ndipo imalira kuti "thwa" ikagwira.

8. Tsegulani silinda pang'onopang'ono. Kupotoza kamodzi nkokwanira. Musayatse moto msanga.

Kuyesa ndi sopo

Sungunulani sopo m'kapu ya madzi mpaka achite thovu. Pakani madzi asopowo paliponse pamene mwalumikiza: pakamwa pa silinda, pa regulator, ndi pa nsonga zonse ziwiri za paipi. Pakaninso paipi yonse. Tsono yang'anitsitsani. Mukaona thovu likufufuma ndi kukula, ndiye kuti gasi akuthawira pamenepo. Tsekani silinda, mangitsani, ndi kuyesanso. Likafufumabe, musaphike. Bwererani kwa wogulitsa kapena itanani mmisiri.

Ena amati, "Ine ndimangoyesa ndi machesi." Amenewo akuseweretsa moyo wao ndi wa ana ao. Gasi sayesedwa ndi moto. Ndipo kuyesa ndi sopoku si kwa tsiku loyamba lokha. Chitani nthawi iliyonse mukasintha silinda.

Kuyatsa ndi kuzimitsa

Yambani mwakhwatcha machesi, muwaike pafupi ndi choyatsirapo, kenaka tsegulani gasi. Moto uyambe, gasi atsatire. Mukayamba ndi gasi nkumafunafuna machesi, gasi amaunjikana, ndipo moto umakulumphirani kumaso. Tsiku loyamba mbaula ingathe kuchedwa kuyaka chifukwa m'paipi muli mpweya wamba. Ikakana, tsekani, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, ndi kuyesanso.

Moto wabwino ndi wabuluu, ndipo umayaka mofanana kuzungulira. Moto wachikasu ukusonyeza kuti gasi sakupsa bwino. Pamenepo pamatuluka mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Suoneka, sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka. Choncho zenera likhale lotsegula pophika, ndipo musaothe mbaula ya gasi m'chipinda chogona nthawi yachisanu.

Mukatha kuphika tsekani silinda poyamba, kuti gasi wotsala m'paipi apse. Moto ukazima tsekani mbaula. Musanagone onaninso ngati silinda ndi yotseka.

Mukamva fungo la gasi

Musayatse machesi. Musayatse kapena kuzimitsa getsi, pakuti kamoto kakang'ono ka m'switchi kangathe kuyatsa gasi. Foni mukaimbire kunja. Tsekani silinda. Tsegulani zitseko zonse, osati mazenera okha, popeza gasi ali pansi. Tulutsani ana ndi okalamba. Musabwerere mpaka fungo litatheratu.

Moto ukabuka pa paipi, tsekani silinda ngati mungathe kuifika osapsa. Gasi akaleka kubwera moto umazima. Ngati moto wafika pa silinda penipeni, thawani nonse, chenjezani anansi, ndipo itanani ozimitsa moto.

Kusamala zipangizo

Paipi imakalamba. Makoswe amaidya, mafuta otentha amaifewetsa. Mwezi uliwonse ipindeni pang'ono ndi kuona ngati ili ndi ming'alu. Ikakhala nayo, gulani ina. Musaimate ndi pulasitiki kapena tepi. Chaka chimene inapangidwa chimalembedwa pa paipi pomwepo. Ngakhale ioneke yabwino, isapitirire zaka 5.

Silinda yapadera isungidwe pamthunzi, podutsa mphepo, kutali ndi moto. Musathire gasi nokha kuchokera m'silinda ina kupita m'inzake.

Tsopano mumadziwa kuwerenga. Manambala a pa regulator, pa paipi ndi kumbuyo kwa mbaula analembera inu. Awerengeni, ndipo muwerengerenso ena a m'nyumba mwanu amene amaphika.

Mafunso okambirana

1. Gasi akathawa amapita kuti, kudenga kapena pansi?
2. Kodi regulator imagwira ntchito yanji?
3. Tingadziwe bwanji kuti gasi akuthawa pamene talumikiza?
4. Poyatsa mbaula timayamba ndi chiani?
5. Tchulani zinthu zitatu zoyenera kuchita mukamva fungo la gasi usiku.