Zoyenera kufunsa musanalipire ulendo wa pa bwato logonamo ku Red Sea

Alendo okaona matanthwe a korali pansi pa nyanja ku Egypt kawirikawiri amalipira ulendo wa sabata imodzi pa bwato lodyeramo ndi kugonamo. Bwatoli limawafikitsa kumalo akutali monga Daedalus, komwenso thandizo limachedwa ngozi ikagwa.

Mu November 2024, bwato la Sea Story linagubuduzika kufupi ndi Marsa Alam, ndipo anthu 11 anafa kapena kusowa. Mu 2023, moto unapha nzika zitatu za ku Britain pa bwato lina m'dera lomwelo.

Musanalipire, funsani ngati zipinda zapansi zili ndi khomo lachiwiri lothawira, ngati pamakhala mlonda usiku wonse, ndiponso ngati bwatolo limanyamula okosijeni wothandizira odwala. Ndege yobwerera muikwere patapita maola osachepera 18 mutatuluka m'madzi komaliza, kuti nayitirojeni athe kuchoka m'thupi.