Mafakitale a Moŵa ndi Chilolezo cha Boma

Omvera a m'maboma onse, kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje, amadziŵa kuti moŵa si chinthu chachilendo m'dziko muno. Kuyambira kalekale amayi akhala akufulula masese pa nthaŵi ya dima, ya ukwati ndi ya chiliza. Koma moŵa wa m'botolo ndi wa m'paketi uli ndi mbiri ina, pakuti umachokera ku mafakitale amene sangatsegule zitseko zawo popanda chilolezo cha boma. Nkhani ya lero ikufotokoza mitundu itatu ya mafakitale ameneŵa, ndiponso chifukwa chake boma limawayang'anira.

Mtundu woyamba ndi wa mafakitale ofulula. Ntchito yawo siisiyana kwenikweni ndi ya mayi wa kumudzi: mbewu imanyikidwa kuti imere, chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo yisiti imadya shugayo ndi kutulutsa ukali umene umaledzeretsa. M'chaka cha 1968 kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale yake mu mzinda wa Blantyre, ndipo iyi inali fakitale yoyamba imene kampaniyo inamanga kunja kwa dziko la Denmark. M'chaka cha 2016 Carlsberg inagulitsa gawo lake kwa kampani ya Castel ya ku France, ndipo ntchitoyo inapitirira pa dzina la Castel Malawi. Moŵa woyera wa m'botolo umafulidwa ndi chimera cha balere, ndipo ukali wake umakhala pafupifupi magawo 5 pa magawo 100 aliwonse. M'gulu lomweli muli Chibuku, amene ndi masese a chimanga ndi mapira oikidwa m'paketi. Moŵa umenewu umapitirizabe kuŵira uli m'paketi momwemo, n'chifukwa chake sukhalitsa.

Mtundu wachiŵiri ndi wa mafakitale otcheza. Yisiti payokha singafikitse ukali patali, chifukwa ukaliwo ukakwanira pafupifupi magawo 15 pa 100, yisitiyo imafooka ndi kuleka ntchito. Wofuna moŵa woposa apo ayenera kuutcheza. Chinsinsi chake n'chakuti madzi amaŵira pa madigiri 100, pamene ukali wa moŵa umaŵira pa madigiri 78. Choncho moŵa ukatenthedwa, nthunzi yoyamba imakhala ya ukali wambiri, ndipo ikadutsa m'paipi yozizira imasanduka madontho. Umu ndi mmene amatchezera kachasu kumudzi, ndipo ndi mmenenso amapangira Malawi Gin ndi zakumwa zina zaukali, zimene zimafika pafupifupi magawo 40 pa 100. Ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, fakitale ya ethanol inayamba ntchito m'chaka cha 1982, ndipo ina inatsegulidwa m'boma la Chikwawa m'chaka cha 2004. Zonse ziŵiri zimatcheza madzi akuda otsala popanga shuga wa nzimbe. Gawo lina la ethanol limasakanizidwa ndi petulo, ndipo lina, loyengedwa bwino, limagulidwa ndi opanga zakumwa.

Mtundu wachitatu ndi wa opanga vinyo. Iwo safuna chimera, pakuti shuga ali kale m'chipatso. Vinyo wambiri wogulitsidwa m'masitolo muno amachokera ku South Africa, kumene mphesa zimachita bwino, koma ku Lilongwe kampani ya Linga inaonetsa kuti zipatso za konkuno, monga jambula ndi magwafa, zimatulutsanso vinyo. Ukali wa vinyo umakhala pakati pa moŵa wofulula ndi wotcheza, pafupifupi magawo 12 pa 100.

Nanga n'chifukwa chiyani boma limaumirira chilolezo? Chifukwa choyamba ndi moyo wa anthu. Pali mtundu wina wa sipiriti wotchedwa methanol, umene maonekedwe ndi fungo lake sizisiyana kwambiri ndi za moŵa wabwino. Ukaloŵa m'thupi, chiŵindi chimausandutsa asidi amene amaononga mtsempha wa maso. Munthu akhoza kumwa madzulo, n'kudzuka m'maŵa akuona zinthu ngati zili m'nkhungu, kenaka n'kuchita khungu kapena kumwalira kumene. Ngozi zambiri zotere zimachitika pamene wogulitsa wathira sipiriti ya m'mafakitale m'moŵa kuti ukhale waukali pa mtengo wotsika. M'chaka cha 2024 anthu angapo anamwalira mu mzinda wa Blantyre atamwa moŵa wosadziŵika kapangidwe kake, umene anthu anaupatsa dzina lakuti “Ambuye nditengeni”. Fakitale ya chilolezo imayenderedwa ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Akatswiri ake amayeza zakumwazo, ndipo pa botolo pamayenera kulembedwa dzina la wopanga ndi kuchuluka kwa ukali. Chinthu chikalakwika, pali munthu wodziŵika woti afunsidwe mlandu.

Chifukwa chachiŵiri ndi msonkho. Moŵa wa m'fakitale umalipira msonkho wapadera ku bungwe la Malawi Revenue Authority, ndipo ndalamazo zimaloŵa m'thumba limene boma limagulira mankhwala ndi kulipira aphunzitsi. Moŵa wozembetsedwa pa malire kapena wopangidwa mobisa supereka kanthu, chonsecho odwala nawo amagonekedwa m'zipatala za boma zomwezo.

Komabe chilolezo pachokha sichithetsa mavuto onse, ndipo nkhani ya masacheti ndi umboni wake. Kwa zaka zingapo moŵa waukali unkagulitsidwa m'timapaketi ta pulasitiki, totchipa kwambiri kotero kuti mwana wa sukulu ankatha kugula ndi ndalama ya chitumbuwa ndi kubisa m'thumba la yunifomu. Ambiri mwa opanga anali ndi zilolezo zawo, koma makolo, aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo anadandaula kufikira boma linaletsa masacheti m'chaka cha 2015, ngakhale kuti nkhaniyo inakafika mpaka ku makhoti. M'chaka cha 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza moŵa. Lamulo limaletsanso kugulitsa moŵa kwa munthu wosakwana zaka 18.

Choncho chilolezo chimatsimikiza za chimene chili m'botolo, koma sichiyeza kuchuluka kwa mabotolo amene munthu angamwe. Moŵa woyezedwa bwino nawonso umaononga chiŵindi, umathetsa mabanja ndi kugwetsa magalimoto ngati wakumwayo sadziletsa. Womvera aliyense amene amamwa angachite bwino kuŵerenga zolembedwa pa botolo, kukana chakumwa chopanda dzina la wopanga, ndi kuthamangira kuchipatala msanga ngati maso ayamba kuchita mdima atamwa.