Uchidakwa Umayambira pa Kutumidwa

Nyengo yokumba mbatatesi ikafika ku Angónia ndi ku Tsangano, ndalama zimagweranso m'manja mwa ana. Anyamata a zaka 13 kapena 14 amasenza matumba pa misika ya m'malire, nalandira zawo za ganyu. Pofika madzulo ena amapezeka pabaraka, kabotolo ka kachasu kali m'manja, ena akusuta chamba kuseri kwa sitolo.

Komatu ambiri sayambira pamsikapo ayi. Amayambira kwawo. Bambo amatuma mwana kukagula mowa, mwanayo nalawako m'njira. Mayi wotcheza kachasu amauza mwana kuti azisonkhezera moto ndi kudikira botolo lidzaze. Akamafika zaka 15, kukhosi kunazolowera kale.

Azachipatala amati bongo wa munthu umakhwima pa zaka pafupifupi 25. N'chifukwa chake amene wayamba kumwa ali wamng'ono amavutika koposa kuleka akakula. Amayamba kujomba kusukulu, kenaka nkhuku za pakhomo zimayamba kusowa.

Malamulo alipo ndithu. Mu 1997 boma linakhazikitsa lamulo lolanga olima, ogulitsa ndi osuta chamba. Mu 1999 linaletsa kugulitsa mowa ndi fodya kwa osakwana zaka 18. Koma apolisi sangafike pa khomo lililonse.

Ntchito yatsala kwa makolo, amalume ndi mafumu. Wofuna mowa adzipitire yekha, asatume mwana. Mwana akabwera ku ganyu, kholo limfunse kumene ndalama zapita. Kuongola mtengo mpoyamba.