Kujambula Mayi Woyembekezera: Malangizo kwa Ongoyamba Kumene

Masiku akale munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje akafuna chithunzi ankadikira wojambula wa panjinga, amene ankayendayenda m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula kamera ili pakhosi. Chithunzicho chinkachedwa kubwera, pakuti filimu inkayamba yapita kutauni kukatsukidwa. Lero anyamata ndi atsikana ambiri a m'chigwa cha Shire ali ndi lamya za m'manja zojambula, ndipo ena mwa iwo ayamba kupezerapo kangachepe. Pakati pa anthu amene amawaitana pali amayi oyembekezera, ofuna kusunga chikumbutso cha masiku amene mwana anali asanaoneke.

Ntchito imeneyi njabwino, koma siifanana ndi kujambula ukwati kapena mpira. Makolo sanalakwe pomutcha mayi wotere wapakati, pakuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo m'Malaŵi, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Motero wojambula ayenera kudziŵa zinthu ziŵiri: luso lotulutsa chithunzi chokongola, ndiponso kasamalidwe ka munthu amene ali patsogolo pa kamera yake.

Kuyamba ndi chilolezo

Pamwambo wathu pakati sipalengezedwa wambawamba. Amayi ambiri amabisa miyezi yoyambirira, ndipo anankungwi amalangiza kuti nkhani yotere isamveke pabwalo. Wojambula wanzeru amalemekeza zimenezi. Iye sajambula mobera pachitsime, pamsika kapena pamzere wa sikelo. Amayamba wafunsa mwini wake, namvana naye za malo, zovala ndi anthu amene adzaona chithunzicho. Ngati mayi afuna kuti amuna ake, apongozi kapena mchemwali wake akhalepo, nkoyenera kutero, makamaka wojambulayo akakhala mwamuna.

Kulola kujambulidwa sikulola kuti chithunzi chifalitsidwe. Kuchiika pa Facebook kapena pa WhatsApp mwini wake asanavomere kwadanitsa mabanja, ndipo chithunzi chikangotuluka sichibwezeka. Malaŵi ali ndi lamulo la 2016 loletsa kuzunza munthu kudzera pa lamya kapena pa intaneti. Mayi akakana, nkhani yathera pomwepo.

Dzuŵa ndi mthunzi

Cholakwa chachikulu cha ongoyamba kumene ndicho kujambula dzuŵa lili paliwombo. Nthaŵi imeneyo munthu amatsinzina, thukuta limanyezimira pamphumi, ndipo m'maso mumagwa mdima. Kuŵala kokoma ndi kwa m'maŵa, isanakwane 8 koloko, kapena kwa madzulo, itapitirira 4 koloko, pamene dzuŵa lapendeka ndipo likuwomba chammbali.

Apa luso ndi zaumoyo zikugwirizana. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40. Mayi woyembekezera akaima nthaŵi yaitali padzuŵa lotere amatha madzi m'thupi, amamva chizungulire, mwinanso kukomoka. Wojambula ayenera kukonzeratu zonse mayi asanaimirire, kuika mpando pafupi ndi madzi akumwa abwino, ndi kumaliza ntchito m'mphindi zoŵerengeka.

Mthunzi wa mtengo wa mango umaoneka wabwino, koma kaŵirikaŵiri masamba amasiya maŵanga a dzuŵa pankhope. Malo oposa onse ndi m'mphepete mwa khonde kapena pakhomo la nyumba, mayi atayang'ana kumene kuŵala kukuchokera. Kuŵala kukachokera kumbuyo kwake, nkhope imada bii.

Kaimidwe ndi kagwiridwe ka kamera

Mayi akayang'ana kamera mwachindunji pakati sipaoneka bwino. Aime chammbali, dzanja lina pamwamba pa mimba, lina pansi pake, kenaka atembenuze nkhope pang'ono. Chitenje chomangidwa bwino kapena diresi la mtundu umodzi limaonetsa thupi mwaulemu popanda kuvula. Nthaŵi yabwino ndi mwezi wachisanu ndi chiŵiri kapena wachisanu ndi chitatu, pamene mimba yaonekera koma mayi akali ndi mphamvu zoyenda.

Asanajambule, wojambula apukute galasi la kamera ndi kansalu kofeŵa, pakuti fumbi la m'chigwa ndi thukuta la m'thumba zimachititsa chithunzi kuoneka ngati muli nkhungu. Agwire lamya ndi manja onse aŵiri, zigongono atazitsamiza m'nthiti, kamera ili molingana ndi chifuŵa cha mayiyo. Kujambulira pansi kumakulitsa mphuno ndi chibwano, kujambulira pamwamba kumafupikitsa munthu. M'malo mokoka chithunzi ndi zala, asendere pafupi ndi miyendo yake, ndipo akhudze pamene pali nkhope kuti maso aoneke bwino.

Ayang'anenso zimene zili kumbuyo. Chimbudzi, dzala, zovala zoyanika kapena mtengo wooneka ngati wamera pamutu zimawononga chithunzi. Khoma losalala, mpanda wa bango kapena munda wobiriŵira nzokwanira. Pomaliza, asafulumire. Munthu amauma thupi akangoona kamera, koma akacheza naye pang'ono nkhope imamasuka. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Zoyenera kupeŵa

Achinyamata ena amatengera zithunzi za kunja, nauza mayi kuti agone chagada, akwere pachulu kapena aime m'madzi. Zonsezi nzoopsa. Mimba ikakula, kugona chagada nthaŵi yaitali kumapanikiza mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, ndipo mayi amachita chidima. Ngati afuna kupumula, agonere kumbali. Kugwa pachulu kapena pa njinga yamoto kungayambitse kutaya magazi.

Mtsinje wa Shire ndi madambo ake nzokongola m'chithunzi, koma muli ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odikha ali ndi nkhono zofalitsa likodzo. Kukada kumadambo kumachuluka udzudzu, pamene malungo kwa mayi woyembekezera amachepetsa magazi, amachititsa kupita padera, kapena mwana kubadwa wochepa sikelo. Choncho ntchito ithe dzuŵa lisanaloŵe. Mafuta oyeretsa khungu nawonso ngosafunika. Ena mwa iwo ali ndi mankhwala oipa amene amaloŵa m'thupi, ndipo khungu lakuda limakongola lokha likapeza kuŵala koyenera.

Zimene diso la wojambula lingaone

Wojambula amayang'anitsitsa nkhope kuposa anthu ena onse, choncho angathe kuona zimene apabanja azoloŵera. Nkhope ndi manja zikatupa, ena amati mayi wanenepa ndipo pakati pamuyanja. Koma kutupa kotere, makamaka pamodzi ndi litsipa lalikulu kapena kusaona bwino, kungakhale chizindikiro cha kuthamanga kwa magazi, kumene kumafikitsa pa kukomoka ndi imfa. M'manja ndi m'zikope mukayera, mayi namapuma movutikira atangoima pang'ono, ndiye kuti magazi angakhale atachepa. Wojambula si dokotala, koma mawu aulemu akuti, "Mayi, bwanji mukaonane ndi azamba lero lomwe?" angapulumutse miyoyo iŵiri. Kutaya magazi, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa nthaŵi isanakwane ndi kuleka kugunda kwa mwana sizidikira maŵa.

Chithunzi china chofunika koposa

Kamera imaona kunja kokha. Kuchipatala kuli kujambula kwina kumene kumaonetsa mwana ali m'mimba, kumene ambiri amakutcha sikani. Njira imeneyi inayambira ku Glasgow, m'dziko la Scotland, kumene dokotala Ian Donald ndi anzake anafalitsa zotsatira zake mu 1958. Makinawo amagwiritsa ntchito phokoso losamveka ndi khutu la munthu, ndipo sapweteka mayi kapena mwana. Mu 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense ajambulidwe motere kamodzi asanakwanitse masabata 24, kuti adziŵe msinkhu weniweni wa pakati ndiponso ngati ali mapasa. Bungwe lomwelo linalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, kuyambira m'miyezi itatu yoyambirira.

Sikelo imachitika pa zipatala za boma za Chikwawa, Ngabu ndi Nsanje, pa zipatala za mishoni za Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona, ndiponso m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Kumeneko mayi amayezedwa magazi, amalandira mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata ndi mankhwala a Fansidar oteteza ku malungo, amalangizidwa zogona m'masikito, ndipo azamba amamuuza kumene angakajambulitse sikani. Kubisa pakati kwa anansi ndi mwambo, koma kubisa kwa azamba ndi kudziika m'zoopsa. Banja limene lili ndi ndalama zochepa liyambe lasunga ya ulendo wa kuchipatala, ya chithunzi ibwere pambuyo.

Kusunga zithunzi

Anthu a m'chigwa chino akudziŵa zimene madzi amachita. Kusefukira kwa Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 zinakokolola nyumba ndi katundu wa mabanja ambiri. Chithunzi chongokhala m'lamya chimatayika lamyayo ikanyowa kapena kubedwa. Nkwabwino kutsukitsa chimodzi kapena ziŵiri, ndi kuzikulunga m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi buku la kuchipatala, pamalo okwera ndi osavuta kutenga pothaŵa. Amayi a kutsidya kwa Shire, monga ku Makhanga, kumene misewu imaduka m'dzinja, ajambulitsiretu ndi kupita kuchidikiro nthaŵi ikalipo.

Wojambula wabwino amadziŵika ndi zithunzi zake, komanso ndi mbiri yake m'mudzi. Amene amasunga chinsinsi, amafulumira kupereka mpando ndi madzi, ndi kukumbutsa za sikelo, ndiye amene adzaitanidwanso tsiku limene mayi adzatuluke m'chikuta, mwana ali m'manja.